Kushupa n'kutani? Mafunso ndi mayankho

Mawu oti "kushupa" ndinayamba kuwamva kwa malume anga amene anakhala zaka zambiri ku migodi. Tikamathamangitsana pakhonde iwo akufuna kugona, ankangotukula mutu n'kunena kuti, "Ana inu mukushupa." Sanali kukalipa, komabe tonse tinkatuluka. Kuchokera nthawi imeneyo ndakhala ndikutchera khutu mneni ameneyu akatchulidwa, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amakonda kufunsa akangomumva.

Kodi kushupa kumatanthauza chiyani?

Kushupa ndi kusowetsa ena mtendere ndi khalidwe losakhazikika: kusamva zokuuza, kuchita phokoso pamene anthu akufuna bata, kubwereza chinthu chomwe wakanizidwa kale. Mwana amene wauzidwa katatu kuti atsike patebulo koma akukwerabe, akushupa. Mnyamata amene walawa n'kumatsekereza anthu njira pa siteji, akushupa. Ana a sukulu amene aphunzitsi akangotembenukira ku bolodi ayamba kuponyerana mapepala, nawonso akushupa.

Mneniyu ali ndi diso lake. Sayang'ana kwenikweni mtima wa wochitayo, amayang'ana munthu amene watopa nazo. Palibe amene amashupa ali yekha m'tchire. Mwana akhoza kudumpha, kukuwa ndi kugubuduzika pabwalo tsiku lonse, osatchedwa woshupa. Zomwezo akazichitira m'nyumba muli odwala kapena alendo, dzina lija lamupeza. Choncho mukamva wina akuti "uyu akushupa", mwamva zinthu ziwiri: zimene mwanayo akuchita, komanso kutopa kwa wolankhulayo.

Nanga kukusiyana bwanji ndi kupulupudza, kufuntha kapena kuvuta?

Apa m'pamene pali nkhani, chifukwa Chichewa sichinali chosowa mawu mneniyu asanabwere.

Kupulupudza n'kolemera. Mwana wopulupudza ndi amene kusamva kwamulowa m'magazi, wolangizidwa lero mawa n'kubwereza, uja akuluakulu amamutcha nkhutukumve ndi kumukumbutsa za samva amene anamva nkhwangwa ili m'mutu. Mukanena kuti mwana wa uje ndi wopulupudza, mwanena za khalidwe lake lonse, ndipo makolo ake akamva sakondwa. Kufuntha kuli m'manja. Wofuntha ndi uja sasiya chinthu pamalo pake: wamasula wailesi, watsegula mpopi, wakhuthula mchere kuti aone pansi pa botolo. Nthawi zambiri kufuntha kumachokera ku chidwi, ndipo amakaniko ambiri abwino anali ana ofuntha. Mwano ndi wa pakamwa ndi pankhope, kuyankha akulu mokula mtima. Mwana akhoza kukhala phee pampando, osasuntha ngakhale chala, koma ali wamwano.

Kuvuta ndiye mnzake wapafupi wa kushupa, moti m'ziganizo zambiri mukhoza kuchotsa mmodzi n'kuikapo mnzake. Kusiyana kwake n'kwakuti kuvuta n'kotakata kwambiri. Masamu amavuta, apongozi amavuta, chaka cha njala chimavuta. Bambo wovuta akhoza kukhala munthu wodekha, wosalankhulalankhula, koma wosagonja pa malamulo ake. Bambo woteroyo sitinganene kuti ndi woshupa. Kushupa kumafuna kuyendayenda, kubwerezabwereza, kaphokoso kena kake, ngati udzudzu umene wauthamangitsa kukhutu lamanja n'kubwerera kulamanzere.

Ndiye pali kubowa, mneni wina wa achinyamata. Wobowa amakutopetsa ngakhale sakuchita chipwirikiti chilichonse, mwina ndi nkhani zake zosatha. Woshupa amakuimitsa pampando.

Kodi ndi Chichewa chenicheni?

Ndi mawu obwereka, ndipo umboni uli pa liwu loyambalo. Tchulani mawu a Chichewa oyamba ndi "sh" amene mukuwadziwa: shuga, shati, shopu, shawa. Pafupifupi onse ndi alendo. Chichewa cha makolo chimakonda "s", "ts", "ps" ndi "ch", osati "sh". Choncho khutu la Mchewa limazindikira msanga kuti "shupa" ndi mlendo.

Koma mlendo akakhalitsa amapatsidwa khasu. Mneniyu amalandira zonse zimene aneni athu amalandira: nthawi, msintho, kukana, kulamula. Amene amati si Chichewa chifukwa anachokera kwina ayambe wataya kaye galimoto, sukulu, nsapato ndi mbatata, aone ngati atsale ndi zokwanira kulankhula tsiku limodzi. Chimene ndingavomereze n'chakuti ndi mawu a m'tauni ndi pocheza, osati a pamsonkhano wa mafumu.

Anachokera kuti?

Ikani zilankhulo za kumwera kwa Africa pamzere, njira yake ioneka yokha. M'Chizulu ndi m'Chindebele muli mneni woti "ukuhlupha", kutanthauza kuvutitsa. M'Chishona cha ku Zimbabwe muli "kushupa". M'Chibemba cha ku Zambia muli "ukushupa", ndipo Abemba akati "calishupa" ndiye kuti chinthucho n'chovuta. Liwu la "hl" limatuluka m'mbali mwa lilime ngati mpweya wothawa m'tayala, ndipo anthu amene alibe liwulo m'chilankhulo chawo amaligwetsera pa "sh". Hlupha n'kukhala shupa.

Mmene ndikuonera, chimene chinanyamula mawuwa ndi ntchito. Golide atapezeka ku Witwatersrand, ku South Africa, m'chaka cha 1886, mzinda wa Johannesburg, umene ife timautcha Joni, unayamba kumeza amuna ochokera m'maiko onse ozungulira. Pansi pa mgodi pankakumana Mzulu, Msutu, Mshangani, Mchewa, Mtonga wa ku Nkhata Bay ndi kapitawo wachizungu, ndipo onsewa ankafunika kumvana msanga thanthwe lisanagwe. Ankalankhula Fanagalo, chilankhulo chosakaniza chimene mawu ake ambiri ndi a Chizulu. Ku Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, chinkatchedwa Chilapalapa, dzina limene kwathu kuno timaligwiritsabe ntchito ponena za kulankhula kosakanizasakaniza. Ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, ankachitcha Chikabanga.

Amalawi anapita kumeneko ochuluka zedi. Ena ankayenda pansi mpaka ku Southern Rhodesia, kumene ankati ku Halale, kukagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'nyumba za azungu ndi ku mgodi wa malasha wa Wankie. Ena ankalembedwa ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kumeneko. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977, bungwe lija litasintha dzina kukhala TEBA, imene agogo athu amati Theba, mpaka inatha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a anthu ofuna ntchito.

Obwerako ankabwera ndi njinga, mabulangete, masutikesi achitsulo ndi mawu. "Basopo" anabwera choncho, kuchokera ku Chiafrikaans. "Fotseki" chimodzimodzi. Ndi mawu a malamulo, a machenjezo ndi a kuthamangitsa, chifukwa Fanagalo chinali chilankhulo cha wolamula ndi wolamulidwa. Ndikaganizira zimenezi, mneni wathuyu ndimamumva mwa mtundu wina. Pakamwa pa kapitawo, wantchito woshupa sanali woledzera yekha ayi. Analinso uja wofunsa chifukwa chake malipiro achepa, uja wokana kulowa pamalo pamene denga likung'aluka. Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali munthu wa mtundu umene mabwana a nthawiyo ankauona ngati wovutitsa, pamene kwa antchito a padoko anali mtsogoleri.

Wina akhoza kufunsa ngati si Angoni amene anabweretsa mawuwa, poti iwo anawoloka Zambezi mu 1835 akulankhula chilankhulo cha banja limodzi ndi Chizulu. Funsolo n'lomveka. Koma poona kuti mneniyu wamera kwambiri m'matauni a migodi ndi a njanji, ndiponso m'zilankhulo ngati Chibemba, ine ndimaloza ku mgodi.

N'chifukwa chiyani ena amamutchula tsiku lililonse pamene ena sanamumvepo?

Zimatengera kumene munthu wakulira. Ku Lusaka, kumene Chinyanja cha m'tauni chasakanikirana ndi Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi, kushupa ndi mawu a tsiku ndi tsiku. Mudzamva mayi akuti "uyu mwana ashupa maningi", ndipo "maningi" ameneyo, kutanthauza kwambiri, anadzera njira yomweyo ya ku migodi. Ku Chipata n'chimodzimodzi. M'mabanja a Amalawi amene anakhazikika ku Harare ndi ku Bulawayo mneniyu ndi wapakhomo. Ku Malawi kuno si aliyense amamutchula. Amamveka kwambiri pakamwa pa anthu amene anakhalako kunja, a m'malire, ndi achinyamata amene amamvera nyimbo ndi kuonera masewero a ku Zambia pa foni. Agogo amene sanachokepo pamudzi adzangoti "akuvuta" kapena "akupulupudza", ndipo sanalakwe.

Ndingamugwiritse ntchito bwanji m'chiganizo?

Tsinde lake ndi -shupa, ndipo amayenda ngati mneni wina aliyense. "Mwanayu akushupa." "Dzulo anashupa usiku wonse." "Mukapita naye kutchalitchi akashupa." Poletsa mmodzi wamng'ono timati "usashupe", ambiri kapena wamkulu "musashupe", ndipo pochenjeza gulu lonse "osashupa". Pofotokoza munthu timati woshupa, ambiri oshupa, chinthu choshupa, zinthu zoshupa.

Akhoza kuima yekha kapena kutenga womuchitira, ndipo tanthauzo limasuntha pang'ono. "Akushupa" ndi khalidwe limene aliyense pamalopo akuliona. "Akundishupa" ndi dandaulo langa, mwina wina aliyense sakuona kanthu. Mwana amene akukoka chitenje cha mayi ake kufuna bere akuwashupa iwo okha. Ana awiri akamaputana, uyu watsina uyu wabwezera, akushupana. Amene zamuchitikira washupidwa.

Cholakwika chimene ndimachimva kawirikawiri ndi kumugwiritsa ntchito pa chinthu chochitika kamodzi. Mwana akaswa kapu mwangozi sanashupe, waswa kapu basi. Kushupa kumafuna kubwereza.

Nanga kushupika n'chimodzimodzi?

Ayi, ngakhale tsinde ndi limodzi. Kushupika ndi kuvutika, kusauka, kuzunzika ndi moyo. Ubale umenewu ndi wakale: m'Chizulu "ukuhlupha" ali ndi mnzake "ukuhlupheka", ndipo m'Chichewa mwathu kuvuta kuli ndi kuvutika, kusautsa kuli ndi kusauka. Mayi wamasiye amene akulera ana asanu yekha akushupika.

Aneni awiriwa ndimakonda kuwaika pamodzi chifukwa nthawi zambiri amakhala m'thupi limodzi. Khanda limene likushupa usiku kawirikawiri likushupika ndi kena kake: m'mimba, kutentha thupi, thewera lonyowa, mano akumera. Mwana wa sitandade 2 amene sakhazikika m'kalasi ya ana oposa 100, atakhala pansi, osaona bwino pa bolodi ndiponso atachoka kunyumba osadya, adzalembedwa pa gulu la oshupa tsiku lomwelo. Ife timamva phokoso lake, njala yake sitiimva.

Kodi ndi kutukwana? Ndingauze munthu wamkulu kuti akushupa?

Si kutukwana, ndipo mukhoza kumutchula pamaso pa abusa osachita manyazi. Koma ndi mneni wotsika phiri: amachoka kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, kapena amayenda pakati pa anthu a msinkhu umodzi. Mayi kwa mwana, inde. Achimwene kwa mng'ono wawo, inde. Mnzako wa pa bawo amene akukusokoneza uli pakati powerenga, inde. Koma mkamwini kuuza apongozi kuti "mukushupa", ngakhale atayika "mu-" waulemu, ndiye kuti wawasandutsa mwana. Mawuwo adzafika kwa ankhoswe dzuwa lisanalowe.

Pali malo amodzi pamene mneniyu amakwera phiri popanda mlandu: pakati pa agogo ndi adzukulu. Chibale chimenecho n'chanthabwala kuyambira kale, moti mdzukulu akhoza kunena kuti "agogo inu mumashupa" agogowo akamutuma kachitatu kukatenga fodya wawo, ndipo onse aseka. Asuweni nawonso amatero. Kwa akuluakulu ena onse, ngati zafika poti mulankhule, pali njira zake: "bambo, anthu akudandaula ndi phokosoli", kapena kutuma munthu wa msinkhu wawo.

Kodi zinthu nazo zimashupa?

Kwambiri. Galimoto yolira m'mawa uno mawa n'kukana, netiweki yobwera n'kuthawa, dzino lopweteka usiku wokhawokha, mbuzi yodula chingwe tsiku lililonse. Koma injini ikafa kotheratu sikushupanso, yafa.

Mnyamata akamalondola mtsikana amene wamukana, tinganene kuti akumushupa?

Anthu amanena choncho, ndipo apa m'pamene mneniyu amandidetsa nkhawa. Pakati pa anthu okondana, "iwe umandishupa" akhoza kukhala mawu achikondi, onenedwa uku akumwetulira. Vuto limabwera pamene mawu opepuka omwewo avundikira chinthu cholemera. Mtsikana akauza amayi ake kuti "aphunzitsi aja akundishupa" kapena "abwana akundishupa kuntchito", kawirikawiri sakunena za phokoso. Wasankha mawu ofewa chifukwa enieniwo akumulemera pakamwa, ndipo akuyesa madzi kuti aone ngati mumumvera. Mukayankha kuti "ingowapewa", mwatseka chitseko chimene anachitsegula movutikira. Funsani kuti, "Akukushupa bwanji, mwanawe? Akumati chiyani? Akumakugwira?"

Kulondola munthu amene wakana, kumugwira thupi, kumuopseza kuti alephera mayeso kapena achotsedwa ntchito akapanda kulola, zimenezo dzina lake ndi nkhanza. Ku Malawi lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana, ndipo ndi mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo. Chimodzimodzi bambo amene akaledzera amamenya mkazi ndi ana. Achibale amakonda kunena kuti "akamwa amashupa", ngati akunena za mwana wakhanda. Munthu wothyola mkazi wake dzanja sakushupa, akumenya, ndipo ankhoswe ndi apolisi ayenera kumva mawu oti kumenya.

Nanga anthu akamaswa mashopu ndi kuotcha matayala pamsewu?

Pamenepo mneniyu wachepa. Chichewa chili ndi makwerero ake: phokoso, chisokonezo, chipwirikiti, chipolowe. Kushupa kumathera pa makwerero apansi. Ochemerera mpira amene akuimba ndi kugogoda minibasi timu yawo itapambana akushupa. Akayamba kugenda, zasanduka zipolowe.

Palinso mbali ina. Olamula a mtundu uliwonse amakonda mawu ochepetsa anthu odandaula, kuti nkhani ioneke ngati ya ana osamva. Pa 20 July 2011 anthu anatuluka m'misewu ya Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre kudandaula za kusowa kwa mafuta a galimoto, ndalama zakunja ndi kayendetsedwe ka dziko, ndipo anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Munthu sanganene za tsiku limenelo kuti anthu ankashupa. Amene anaba ndi kuphwanya anapalamula milandu yokhala ndi maina ake, ndipo amene anayenda mwamtendere ankachita zimene malamulo a dziko amawalola. Mukamva wina wamphamvu akutcha anthu ofunsa mafunso kuti ndi oshupa, kumbukirani kapitawo uja wa pansi pa mgodi, mufunse kuti amene wasowa mtendereyo ndani, ndipo chamusowetsa n'chiyani.

Mwana wanga aliyense amamutcha woshupa. Kodi pali vuto?

Pali kusiyana pakati pa "ukushupa" ndi "ndiwe woshupa". Koyambako mukunena za zimene akuchita pano, ndipo akhoza kusiya. Kwachiwiriko mwamupatsa dzina, ndipo ana amavala maina amene tawapatsa. Ndinaonapo mwana wa zaka 6 akufunsidwa ndi mlendo kuti ndiwe yani, iye n'kuyankha dzina lake, kenako n'kuwonjezera yekha kuti "woshupa uja". Anazinena monyadira, chifukwa ndi dzina lokhalo limene ankadziwika nalo pamudzi ponse. Zinandikhudza kwambiri.

M'malo mwa dzina, tchulani chinthucho. "Tsika patebulo." "Bweza mpeniwo." "Agogo agona, kasewere panja." Mwana wa zaka 3 sadziwa kuti kushupa kumayambira pati n'kuthera pati, koma tebulo amalidziwa. Ndipo yang'anani nthawi imene amashupa. Ngati ndi madzulo okhaokha, mwina ndi tulo kapena njala. Ngati zinayamba mng'ono wake atabadwa, akufuna maso anu. Ngati samva mukamuitana ali chakumbuyo, kamuyezetseni makutu, chifukwa ana ena amene amakwapulidwa kuti ndi osamva amakhala kuti samvadi. Ngati kusakhazikikako kuli paliponse, kunyumba, kusukulu ndi kutchalitchi, kwa miyezi yambiri, mpaka kumulepheretsa kuphunzira ndi kusunga anzake, kaonaneni ndi achipatala. Pali ana amene ubongo wawo umavutika kugwira chinthu chimodzi nthawi yaitali, ndipo chikoti sichichiza zimenezo.

Ambiri, kunena zoona, alibe vuto lililonse. Ndi ana athanzi amene atsekeredwa m'chipinda chimodzi cha lendi tsiku lonse, opanda bwalo lothamangapo.

Ndingamulembe pa mayeso kapena m'kalata ya kuntchito?

Pa chimangirizo cha mayeso a MANEB lembani kuvutitsa, kupulupudza kapena kusowetsa mtendere, malinga ndi chimene mukutanthauza. M'kalata yodandaula kwa mfumu, kwa mwini nyumba kapena kwa mphunzitsi wamkulu, mneniyu angakuchepetsereni nkhani, choncho fotokozani zimene munthuyo anachita, tsiku lake ndi nthawi yake. Koma ngati mukulemba nthano kapena sewero, ndipo muli ndi nkhalamba imene inathera unyamata wake ku Theba, kapena mtsikana wokulira ku Matero ku Lusaka amene wabwera kudzaona agogo ake ku Mchinji, musawalande mawuwa pakamwa. Alembeni ndi "sh", monga amatchulidwira: shupa, osati supa.